Fomu Yosamva Yankho: Kuunika Mafomu a pa Foni Pakati pa Olankhula Chicheŵa a m'Malokeshoni a Harare

Pa misonkhano ngati uno takhala tikukambirana kaŵirikaŵiri za kalembedwe ka mau, za mabuku a m'sukulu ndi za malo amene zinenero zathu zimapatsidwa pa wailesi. Pali mtundu wina wa zolembedwa umene tausiya m'manja mwa amisiri a makompyuta okha, chonsecho ndiwo umene munthu wamba amakumana nawo pa nthaŵi imene zamuthina. Tikunena fomu. Kale fomu inali pepala. Lero yaloŵa m'foni yam'manja, ndipo kaya munthu akulembetsa nambala ya foni, kaya akulembedwa m'kaundula wa olandira chithandizo, mayankho ake amadzera m'timabokosi ta pa galasi la foni. Ngakhale kalembera wa anthu wa mu April 2022 m'Zimbabwe anachitika ndi makina ogwira m'manja, kwa nthaŵi yoyamba m'mbiri ya dzikolo. M'pepala lino tiunika kapangidwe ka mafomu otere, ndipo tiwayesa pa gulu limodzi la anthu: ana ndi zidzukulu za matchona, okhala ku Mbare, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth.

Mbiri ya anthu ameneŵa yalembedwa bwino ndi Anusa Daimon m'kafukufuku wake wa mu 2015 ndiponso ndi Zoë Groves m'buku lake la mu 2020, motero sitiitalikitsa. Makolo awo anachokera ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi, nadzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'njanji ndi m'nyumba za Azungu a mu Salisbury. Anachuluka kotero kuti mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anatumidwa kukawatumikira, ndipo mpingo umene unakula kuchokera pamenepo unakhala sinodi ya CCAP mu 1965. Chimene chikutikhudza pano nchakuti maina awo, chinenero chawo ndi kwawo zinalembedwa ndi makalaliki a mitundu itatu kapena inayi, aliyense m'kalembedwe kake, kwa zaka zoposa zana. Fomu ya pa foni yadzapeza zolembedwa zimenezi zili zosokonekera kale, ndipo m'malo mozimasula imazimanga mfundo.

Malangizo amene okonza mafomu amatsata ndi odziŵika, ndipo ambiri a iwo anasonkhanitsidwa ndi Luke Wroblewski m'buku lake la mu 2008 lonena za mafomu a pa intaneti. Mafunso akhale ochepa. Munthu asavutike kulemba pamene angathe kungosankha pa mndandanda. Yankho likalakwika, makina anene pomwepo. Sititsutsa kuti malangizoŵa ali ndi nzeru: galasi la foni ndi laling'ono, chala ndi chachikulu, ndipo wolemba amakhala ali chiimire padzuŵa. Chimene titsutsa ndi ganizo lobisika pansi pa malangizo onseŵa, lakuti wokonza fomu akudziŵa kale mayankho onse amene munthu angapereke. Pa pepala ganizo limeneli silinali loopsa kwambiri, pakuti pepala lili ndi m'mphepete. Kalaliki ankatha kufufuta, kulemba chopingasa, kapena kusiya mzere osadzaza napitirira. Fomu ya pa foni ilibe m'mphepete. Bokosi likaikidwa kuti nlofunika kudzaza, kapena likapatsidwa lamulo la zilembo zimene lingalandire, batani lopitira patsogolo siligwira ntchito kufikira munthu atapereka yankho limene makina akufuna. Tsono munthu wofuna chakudya sabwerera chimanjamanja chifukwa cha bokosi. Amapereka yankho labodza lokondweretsa makina, ndipo bodzalo limasungidwa ngati choona.

Tiyambe ndi dzina, pakuti pamenepa mpamene pali zambiri. Fomu yanthaŵi zonse ili ndi mabokosi aŵiri, la dzina loyamba ndi la dzina la banja, ndipo imayembekeza kuti lachiŵirilo ndi limodzimodzi kwa agogo, bambo ndi mwana. Kwa Mcheŵa zinthu sizinali tero. Iye anali ndi dzina laubwana, dzina la kuchinamwali kapena kudambwe, chiwongo kapena mfunda monga Phiri, Banda, Mwale, Mbeŵe, ndipo akafika ku Halale ankaonjezapo dzina la kuntchito, losavuta pakamwa pa bwana. Pa chitupa pankalembedwa limodzi mwa ameneŵa, malinga ndi funso limene kalaliki anafunsa tsiku limenelo. Mwana wake polembetsa sukulu ankatenga dzina loyamba la bambo ake nkuliyesa la banja, chizoloŵezi chimene nchofala kwambiri pakati pa Ayao. Mai amene dera lonse limamudziŵa kuti Naphiri kapena Nabanda sangapezeke ndi dzina limenelo m'kaundula aliyense. Motero m'nyumba imodzi ya ku Mufakose mungapezeke maina a banja atatu, onse oona, ndipo makina amene akonzedwa kuti azindikire a banja limodzi poyerekeza bokosi lachiŵiri adzawagaŵa anthuwo patatu.

Ngakhale dzina litakhala limodzi, kalembedwe kake sikamodzi. Kalembedwe ka Chishona kamene kanatsatira lipoti la Clement Doke la mu 1931 kalibe chilembo l, ndiponso sikagwiritsa ph, th ndi kh posonyeza mpweya wotuluka. Kalaliki wozoloŵera Chishona akamva Mwale, dzanja lake limathamangira kulemba Mware. Akamva Nkhoma amalemba Nkoma. Akamva Phiri amalemba Piri, limene m'Chishona ndi liu loŵerengera lotanthauza chiŵiri. Tisamunene yekha kalalikiyo, pakuti mabuku akale a Chinyanja nawonso sankalemba h pa malo ameneŵa. Munthu poŵerenga amaona msanga kuti Piri wa pa chitupa cha bambo ndiye Phiri wa pa kalata yobadwira ya mwana. Makina amayerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo kwa iwo ameneŵa ndi anthu achilendo. M'dziko limene umboni wa unzika umadalira kusonyeza kuti uje ndi mwana wa uje, chilembo h chimodzi chimenecho nchokwanira kuimitsa nkhani yonse.

Palinso zizindikiro ziŵiri zimene mafomu ambiri amazikana poyera. Choyamba ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu ng' ndi m'. Amisiri amakaopa chifukwa m'chinenero cha makina chofunsira nkhokwe za zolembedwa, chotchedwa SQL, kachizindikiro kameneka kamatseka mau, ndipo mbala zimakagwiritsa ntchito pothyola nkhokwezo. Njira yabwino yodzitetezera ilipo, koma yachidule ndiyo kungolamula kuti bokosi la dzina lilandire zilembo za A mpaka Z zokha. Anthu a ku Ireland otchedwa O'Brien akhala akudandaula za chimenechi kwa zaka zambiri, komatu vuto lawo ndi laling'ono poyerekeza ndi lathu. Kwa iwo kachizindikiroko sikasintha katchulidwe. Kwa ife ng' ndi liu lina, ng ndi linanso: ng'oma timaimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Bambo Ng'oma akachotseredwa kachizindikiro kawo asanduka munthu wina, ndipo wolemba wa Chishona, amene liu lomweli amalilemba n' monga mu n'anga, angawapatse kalembedwe kachitatu. Kuonjeza apo, kachizindikiroka kali ndi maonekedwe aŵiri m'makina, koongoka ndi kopindika, ndipo kuyambira mu 2017 mafoni a iPhone amaika kopindikako okha. Diso silisiyanitsa, koma makina amasiyanitsa.

Chachiŵiri ndi ŵ, chilembo chimene timagaŵana ndi chinenero cha ku Wales. M'ndondomeko ya Unicode chilipo, ndipo foni yamakono ingathe kuchilemba. Koma sichili pa zilembo zimene uthenga wa SMS unapangidwira. Chikaloŵa chimodzi chokha, uthenga umene ukanatenga zilembo 160 umangotenga 70, ndipo wotumiza amalipira kaŵiri kapena katatu. Ambiri a ife tinaleka kale kuchilemba m'makalata, ndipo sitikuutsa mkangano umenewo pano. Tikungoti amene dzina lake linalembedwa nacho pa chikalata china asakanidwe pa bokosi.

Bungwe la W3C, limene limaika miyezo ya intaneti, linalangiza kale mu 2011 kuti okonza mafomu adzifunse ngati kugaŵa dzina paŵiri nkofunikadi. Ife tikuona kuti kwa anthu a m'malokeshoni ameneŵa mabokosi aŵiri angakhalepobe, koma agaŵidwe mwina: lina la dzina monga lalembedwera pa chitupa, lolandira chilembo chilichonse, ndi lina la maina ena amene munthuyo amadziŵika nawo. Mabokosi sanachuluke, ndipo lamulo la mafunso ochepa silinasweke.

Bokosi la chinenero likadakhala losavuta, koma ndilo limene lamulo la kusankha pa mndandanda limaonongapo kwambiri. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013, m'ndime 6, amatchula zinenero 16, ndipo chathu chili poyamba penipeni ndi dzina lakuti Chewa; ulemu umenewu, tivomereze, chinaupeza kaamba ka ndondomeko ya alifabeti. Ku Malaŵi chinenero chomwechi chakhala Chicheŵa kuyambira mu 1968. Ku Zambia ndi ku Mozambique ndi Chinyanja. M'ndondomeko ya ISO 639, kumene amisiri amatapa mindandanda yawo, chizindikiro chake ndi ny kapena nya, kotero kuti pa foni ina chimapezeka pansi pa C, pa ina pansi pa N. Nkhalamba imene inachoka kwawo isanafike 1968 idzanena kuti imalankhula Chinyanja, ndipo mnyamata wolemba, posapeza liu limenelo pa mndandanda wotengedwa m'malamulo a dziko, adzakanikiza bokosi lotsiriza la zinenero zina. Chiŵerengero chathu chimachepa motero, popanda wina wochita dala.

Choipa koposa ndi liu lakuti Tonga. Pa mndandanda wa Zimbabwe limatanthauza Chitonga cha m'chigwa cha Zambezi, cha ku Binga, chimene Malcolm Guthrie anachiika m'gulu M.64. Koma ambiri mwa oyamba kufika mu Salisbury kuchokera ku Nyasaland anali Atonga a ku Nkhata Bay, amene chinenero chawo ndi N.15, chapafupi ndi Chitumbuka. Mdzukulu wawo akafunsidwa mtundu wake nayankha kuti ndi Mtonga, wanena zoona, wolemba wasankha bwino, ndipo kaundula wanama. Pa mndandanda wa dziko lonse lapansi pakuonjezekanso Gitonga cha ku Inhambane ndi chinenero cha pa zilumba za Tonga m'nyanja ya Pacific. Chiyao, Chitumbuka ndi Chilomwe, zimene zimamvekabe m'mabanja ena a ku Harare, sizili konse pa zinenero 16 zija.

Funso lenilenilo nalonso nlopunduka. Fomu imafuna chinenero chimodzi. Mtsikana wa ku Tafara amalankhula Chishona pamseu ndi kunyumba, Chingerezi kusukulu, ndipo Chicheŵa amachimva kwa agogo ake, kutchalitchi, pamaliro ndi m'nyimbo za gule, amene anansi ake amamutcha zvigure. Kodi ayankhe chiti? Kalelo, pamene kudziŵika kuti ndiwe wochokera ku Malaŵi kunkakuitanira maina achipongwe monga mabwidi, ndipo pamene Pulezidenti Robert Mugabe, kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ananena anthu a ku Mbare kuti ngopanda mutupo, ambiri anaphunzira kuyankha kuti Chishona. Ana awo sanaiŵale phunzirolo. Simooya Hachipola, m'kafukufuku wake wa zinenero zazing'ono za Zimbabwe wa mu 1998, anafikira anthu ndi kucheza nawo. Ife amene tikufuna kudziŵa mmene chinenerochi chikuyendera lero tidzadalira manambala otuluka m'mafoni, ndipo manambalawo adzatiuza kuti chatha pamene chikadalipo. Zida zimene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito, monga ODK ndi KoboToolbox, zimalola kuti funso lilandire mayankho angapo. Kusiyana kwake ndi liu limodzi pa tsamba la wokonza. Mafunso aŵiri, lakuti "Mumalankhula ziti?" ndi lakuti "Mumamva ziti?", angatipatse chithunzi chimene funso la chinenero chobadwa nacho silingapereke.

Tsopano tifike pa chitupa, pamene pagona mkate wa munthu. Nambala ya chitupa cha Zimbabwe ili ndi zigawo: manambala aŵiri oyamba osonyeza ofesi yolembetsera, monga 63 ya Harare, kenaka manambala 6 kapena 7, chilembo chimodzi, ndi manambala aŵiri otsiriza osonyeza boma lochokera. Chitupacho chimatchulanso mudzi wochokera. Kapangidwe kameneka kamayesa munthu aliyense wakuda kuti ali ndi kumudzi m'Zimbabwe, ndipo wa m'tauni ndi mlendo chabe. Matchona analibe mudzi wotero, ndipo zitupa zawo ndi za ana awo zinadindidwa liu lakuti ALIEN. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira m'Zimbabwe anapezeka kuti ataya unzika chifukwa chosakana unzika wa dziko limene sanaliponde. Ndime 43 ya malamulo a mu 2013 inabweza unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo mu November 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti otere alembetse mavoti. Komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti ambiri anali akadali opanda zikalata. Wokonza fomu akaika bokosi la nambala ya chitupa kukhala lofunika kudzaza, popanda njira yonenera kuti munthuyu alibe, ndiye kuti wachotsa m'kaundula wa osauka anthu osauka koposa onse. Chimene chimachitika nchodziŵika: amalembetsa pa chitupa cha mnansi, ndipo chithandizo chimafika m'dzina la mwini chitupa.

Mafunso a malo ali ndi msampha wa chinenero umene womasulira aliyense ayenera kuudziŵa. "Kwanu nkuti?" ndi "Mumakhala kuti?" ndi mafunso aŵiri. Nkhalamba ya ku Mabvuku ikafunsidwa loyambalo idzatchula Dedza kapena Mangochi, mudzi ndi mfumu yake yomwe, ngakhale yatha zaka 60 isanapiteko. Ndipo mndandanda wa maboma a Zimbabwe ulibe poika yankho limenelo. Bokosi la nambala ya nyumba ndi dzina la mseu nalo silithandiza wokhala m'chipinda chobwereka kuseri kwa nyumba ya wina, kapena amene anagwetseredwa nyumba pa Murambatsvina mu 2005 nakakhala ku Hopley. Za tsiku lobadwa tingonena mwachidule: amene amadziŵa chaka chokha amapatsidwa 1 January, ngakhale kuti zida tatchula zija zimalola kufunsa chaka chokha.

Ena adzati mankhwala ake nkumasulira mafomu m'Chicheŵa. Tikuvomera, koma kumasulira mau a pa mabokosi popanda kukhudza mafupa a fomu sikuchiza kanthu, ndipo nthaŵi zina kumaonjeza matenda. Amisiri amakonda kulemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, kuti makina aziikamo dzina la bokosi lililonse. M'Chingerezi zimatheka. M'zinenero zathu mgwirizano wa magulu a maina sulola:

(1) a. Dzina ili ndi lolakwika.
b. Nambala iyi ndi yolakwika.
c. Chaka ichi ndi cholakwika.
d. Malo aŵa ndi olakwika.

Palibe chiganizo chimodzi chimene chingakwanire onse anayi, motero bokosi lililonse liyenera kulemberedwa uthenga wake wathunthu. Ndipo ngakhale atalembedwa bwino, uthenga wa (1a) ndi mwano. Kuuza munthu wamkulu kuti dzina lake ndi lolakwika, pamene olephera ndi makina, sikuyenera pa chikhalidwe chathu. "Pepani, makinaŵa sakutha kuŵerenga chilembo ichi" ndi mau aulemu, ndiponso ndi oona. Momwemonso batani lizinena kuti "Lembani", "Sankhani", osati "Lemba", "Sankha", ngati likulamula mwana.

Funso lokana ndi dzenje lina:

(2) Kodi mulibe chitupa? Inde.

Yankho limeneli litanthauza kuti ndilibe. Mngerezi pa funso lomwelo akadayankha ndi liu lokana. Ngati fomu inakonzedwa m'Chingerezi, nimasuliridwa pakamwa ndi wolemba amene akufunsa m'Chishona kwa nkhalamba yoganiza m'Chinyanja, palibe amene angadziŵe pambuyo pake chimene batani lokanikizidwalo linkatanthauza. Mayankho alembedwe athunthu: "Ndili nacho", "Ndilibe", "Chinatayika".

Pa mndandanda wa ubale ndi mwini nyumba mpamene fomu imaulula kwawo kumene inachokera. Imasiyanitsa abale potsata kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Chicheŵa chimayang'ana zina: mlongo ndi mbale wosiyana nawe chibadwidwe, kaya wolankhula ndi mwamuna kaya ndi mkazi, pamene mkulu ndi mphwako ndi ofanana nawe, osiyana msinkhu. Mwana wa mai aang'ono ndi mbale wako weniweni, osati msuweni. Mwamuna amene akulera ana a mlongo wake sakulera achibale akutali; ndiye malume, mwini mbumba, ndipo anawo ndi udindo wake woyamba pa mwambo wa makolo ake. Fomu ikawaika ana ameneŵa m'bokosi la achibale ena, ndipo chithandizo chikamaŵerengedwa potsata ana obereka okha, kusiyana kwa mau kumeneku kumaoneka pa mbale ya nsima.

Pafupifupi mndandanda uliwonse umatha ndi bokosi la "zina", ndipo okonza mafomu amaliona ngati dzala. Kwa ife ndilo m'mphepete mwa pepala mmene munatsala. Tikupempha kuti lisamangokhala lokanikiza, koma lizitsegula mpata wolembamo yankho monga munthu walinenera. Kuti zolembedwamo zisungidwe osakonzedwa. Ndi kuti fomu isanatuluke kachiŵiri, wodziŵa zinenero za deralo aziŵerenge zonse. Fomu ya ku Mbare ikabwerera ili ndi Nyanja, Chinyasa, Chawa ndi Chichewa m'bokosi limenelo, wokonza adziŵa mizere imene ayenera kuonjeza pa mndandanda wake, ndipo ife tidzakhala ndi umboni wa maina amene anthuwo amatcha zinenero zawo m'chaka chimenecho.